Masters ya jogalafe: kulowa kwake ndi kutuluka kwake

Funso: Ndine mphunzitsi wa jogalafe pa sekondale ina yoyendera m'boma la Phalombe. Ndili ndi digiri ya uphunzitsi ndipo ndaphunzitsa zaka zisanu. Ndikufuna kuchita masters ya jogalafe pa nkhani ya kusintha kwa nyengo. Kodi ndiyambire pati, ndipo ndiphunzire konkuno kapena kunja? Chikundiopsa n'chakuti anzanga ena anayamba kalekale koma mpaka lero sanamalize.

Yankho: Aphunzitsi, ndiyambira kumapeto kwa kalata yanu, kwa anzanu amene sanamalizewo. Mukawafunsa bwinobwino mupeza kuti ambiri a iwo makalasi anakhoza. Chaka choyamba, cholowa m'kalasi ndi kulemba mayeso, sichigwetsa kawirikawiri munthu amene ali kale ndi digiri. Pomwe anthu amatitimira ndi pa thesis, buku la kafukufuku limene munthu amalemba kuti amalize masters, ndipo mwa amene ndawaona akutitimira, ambiri vuto lawo linayamba asanalembetse n'komwe. Analowa ndi mutu waukulu woti munthu mmodzi, wodalira malipiro a pamwezi, sangaukwanitse m'chaka chimodzi. Funso limene mudzalowe nalo ndi lomwelo limene lidzakutulutseni kapena kukusungani kumeneko.

Kusintha kwa nyengo si mutu wa kafukufuku. Ndi nkhani imene anthu zikwizikwi padziko lonse akuifufuza, aliyense kachigawo kake. Makomiti osankha ophunzira amalandira makalata ambirimbiri onena kuti mwiniwake akufuna kufufuza mmene kusintha kwa nyengo kukukhudzira alimi a ku Malawi, ndipo akafika pa yachitatu yotere amayamba kuyasamula. Inu muli ndi mwayi umene ambiri alibe, chifukwa mafunso a jogalafe ali pakhomo panu penipeni. Mu Malichi 1991 madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ya ku Phalombe, akuluakulu n'kumati kwadutsa napolo, monga ananenera za ku Zomba mu 1946. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso zake, ndipo dera la Nkhulambe linakhala losafikirika. Ndiye tayesani kufunsa motere: mwa mabanja amene nyumba zawo zinakokoloka mu 2023 m'midzi itatu ya kwa Nkhulambe, ndi angati anamanganso pamalo omwewo, ndipo chinawabwezera pomwepo n'chiyani? Apa malo alipo, nthawi ilipo, anthu oti muwafunse alipo, mapu oti mujambule aliponso. Yankho likhoza kukhala munda, manda a makolo, kusowa kwa malo ena, kapena chikamwini, poti mwamuna alibe mphamvu yosamutsa banja pamalo a kwa mkazi wake. Simukudziwa, ndipo n'chifukwa chake funsolo lili loyenera kulifufuza. Limene yankho lake mukulidziwa kale musananyamuke kupita kumudzi, lisiyeni.

Dziwaninso kuti jogalafe ya kuyunivesite imagawikana kuposa ya m'silabasi ya MSCE. Pali mbali ya nthaka, mitsinje, mvula ndi mapiri. Pali mbali ya anthu, malo awo, mizinda ndi kusamuka. Ndiye pali GIS, luso lopanga ndi kusanthula mapu pa kompyuta, ndi zithunzi za setilaiti, zimene masiku ano zalowerera mbali ziwiri zonsezo. Funso la kwa Nkhulambe lija lili ku mbali ya anthu. Mukalitembenuza n'kufunsa kuti ndi zigwa ziti za Michesi zimene zingagumukenso, lasamukira ku mbali ya nthaka, ndipo likufuna supavaiza (lekichala woyang'anira kafukufuku wanu) wina, zipangizo zina ndi masamu ochulukirapo. Sankhani mbali musanasankhe sukulu.

Za digiri yanu ndinene mosapsatira. Digiri ya uphunzitsi imalandiridwa, koma komiti idzayang'ana pa transcript, pepala la magiredi anu onse, kuti ione makosi a jogalafe amene munatenga chaka chachitatu ndi chachinayi, ndi mmene munakhozera. Mapulogalamu ambiri amafuna credit kapena kuposera apo, ngakhale wa pass yamphamvu nthawi zina amamulola ngati wagwira ntchito yogwirizana ndi phunzirolo. Pomwe aphunzitsi ambiri amaperewera ndi pa statistics ndi GIS, ndipo zimenezi mutha kuyamba kuzikonza muli ku Phalombe komweko. QGIS, pulogalamu ya pa kompyuta yochitira GIS, ndi yaulere ndipo imayenda pa laputopu wamba. Zithunzi za setilaiti za Landsat, zimene zinayamba kujambulidwa mu 1972, zakhala zaulere kuyambira 2008. Za Sentinel-2 zilipo kuyambira 2015, ndipo kadontho kamodzi pa chithunzi chake kamaimira mamita 10, pomwe ka Landsat wa masiku ano ndi mamita 30. Malire a maboma ndi mapu a mitsinje muwapeza pa webusaiti ya MASDAP, ndipo zotsatira za kalembera wa 2018 zili ku National Statistical Office ku Zomba. Gulani bandulo, tsitsani zithunzi ziwiri za Michesi, china cha 2022 china cha pambuyo pa Freddy, muone nokha zipsera zimene zigumula zinasiya m'phirimo. Mapu amodzi opangidwa ndi manja anu, oikidwa kumapeto kwa proposal, pepala lofotokoza kafukufuku amene mukufuna kuchita, amakulankhulirani kuposa ndime zitatu zonena kuti munayamba kukonda chilengedwe muli mwana.

Tsopano za konkuno kapena kunja. Kuno kwathu, University of Malawi ku Zomba, imene ambirife timaitchulabe kuti Chanco, ili ndi dipatimenti yakale ya jogalafe. Mzuni nayo imaphunzitsa jogalafe, MUST ku Thyolo ili ndi sukulu ya za nyengo ndi nthaka, LUANAR ku Bunda imachita za chilengedwe ndi ulimi, ndipo za kuyeza malo ndi mapulani a mizinda zili ku MUBAS. Mapulogalamu a masters amatsegulidwa ndi kutsekedwa malinga ndi chaka, choncho tsatirani zidziwitso zawo m'nyuzipepala ndi pa intaneti, ndipo kulikonse kumene mukufuna kulipira, onetsetsani kaye kuti pulogalamuyo ndi yovomerezedwa ndi National Council for Higher Education. Ubwino wa konkuno ndi wakuti malipiro anu akupitirira, banja lili pafupi, ndipo midzi ya kafukufuku wanu mutha kuifika pa kabaza. Koma ubwino womwewo ndi umene umameza anthu. Ntchito siikusiyani. Teremu ikatsegulidwa muli ndi Fomu 4, kenako kuyang'anira mayeso, kenako kuchonga, pakati apo maliro ndi maukwati, ndipo thesis imakhala yoyamba kukankhidwira mwezi wamawa chifukwa ndi yokhayo imene siidandaula. Ngati musankha konkuno, nkhani ya tchuthi chokaphunzira muyiyambe msanga kudzera kwa ahedi ndi ku divishoni, makamaka ya chaka chachiwiri, ndipo muwerenge bwino zimene mukusainira pa bondi.

Ku Britain masters yambiri ndi ya chaka chimodzi, ndipo thesis amaipatsa miyezi itatu yokha ya kumapeto. Nthawi imeneyo siikwana kubwerera ku Phalombe, kupempha zilolezo ndi kuyenda m'midzi, kotero amene amapita kumeneko nthawi zambiri amalemba pogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti kapena deta yotoleredwa kale. Ku South Africa masters yambiri ndi ya kafukufuku, imatenga zaka ziwiri, ndipo mayunivesite ambiri amafuna kuti SAQA, bungwe la kumeneko loona za masatifiketi a maphunziro, iunike kaye digiri yanu, zimene zimatenga nthawi ndi ndalama. Wofuna kuzama pa GIS ndi zithunzi za setilaiti amve za ITC ku Enschede, gawo la University of Twente ku Netherlands, kumene akatswiri ambiri a mapu a mu Africa anaphunzira. Maganizo anga ndi awa: pa funso longa la kwa Nkhulambe, konkuno kapena ku South Africa n'kumene kungakuyenereni. Ngati chimene mukufuna kwenikweni ndi luso la pa kompyuta ndi zipangizo, kunja kuli bwino, koma pokhapokha wina akulipirireni. Kugulitsa munda kapena kutenga katapila chifukwa cha fizi ya mapaundi, ayi. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene ankalipira okha kunja anadzuka ngongole itakula.

Olipirira alipo. Chevening, sikolashipu ya boma la Britain, imafuna zaka ziwiri za ntchito, zimene muli nazo kale, imatsegula cha mu Ogasiti, ndipo imafuna kuti mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri. Pali Commonwealth, pali DAAD ya ku Germany, pali Erasmus Mundus imene munthu amaphunzira m'maiko awiri kapena kuposa. Ziwiri zimene ambiri sazidziwa koma zili pafupi ndi ife ndi Beit Trust, imene imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, ndi Canon Collins Trust, imene imathandiza ofuna kukaphunzira ku South Africa. Mpikisano ndi waukulu ndipo kukanidwa chaka choyamba si zachilendo. N'chifukwa chake ndimauza anthu kuti alembere mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo malo a konkuno akapezeka asawataye chifukwa cha imelo yonena kuti ali pa mndandanda wodikirira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndipo aliyense wokuuzani kuti mutumize ndalama pa foni kuti akupezereni sikolashipu ndi wakuba.

Mapepala ndi nkhani yotopetsa koma yosavuta, bola muyambe msanga: transcript, satifiketi, pasipoti, ndi mayeso a Chingerezi a IELTS kwa amene akuwafuna, kawirikawiri giredi ya 6.5. Transcript muyiitanitse lero, musadikire chidziwitso, chifukwa maofesi ake sathamanga. Pa makalata okuikirani umboni, musathamangire munthu wa dzina lalikulu amene sakukumbukani. Lekichala amene anayang'anira pulojekiti yanu ya chaka chomaliza, ngakhale alibe udindo waukulu, adzalemba zenizeni. Mutumizireni proposal ndi CV, mumupatse milungu itatu kapena inayi, ndipo mumukumbutse mwaulemu tsiku lotsekera lisanafike.

Chimene ndikufuna mutayepo nthawi ndi kusankha supavaiza, chifukwa munthu ameneyu mudzakhala naye kuposa wina aliyense pa sukulupo. Pezani malekichala awiri kapena atatu amene analembapo za madzi osefukira, za malo kapena za kusamuka kwa anthu, muwerenge pepala limodzi la aliyense mpaka kumapeto, kenako mulembere. Imelo yake ikhale yaifupi. Nenani kuti ndinu ndani ndipo mukuphunzitsa kuti, funso lanu m'chiganizo chimodzi, chimene mwatola m'pepala lawo ndi pomwe chikukhudzana ndi funso lanulo, kenako funsani ngati akulandira ophunzira chaka chikubwerachi. Ikanipo tsamba limodzi kapena awiri a proposal ndi mapu aja. Mawu otamanda ambiri asiyeni, ndipo imelo imodzi yotumizidwa kwa anthu khumi imadziwika pa mzere woyamba. Akakuyankhani, musanasangalale, fufuzani ophunzira awo akale muwafunse funso limodzi lokha: mukatumiza chaputala, chimabwerako pakapita nthawi yaitali bwanji? Pulofesa wotchuka amene amakhala m'ndege ndi m'mawekishopu akhoza kukusungirani chaputala miyezi inayi. Lekichala wachinyamata amene wangomaliza PhD, amene akufuna ophunzira ake amalize kuti nayenso akwezedwe, nthawi zambiri ndi amene amatulutsa anthu.

Tiyerekeze kuti mwalowa. Chinthu chimene chimasiyanitsa jogalafe ndi maphunziro ena ambiri n'chakuti kalendala yanu siili m'manja mwa yunivesite yokha, ilinso m'manja mwa mvula. Musanafunse munthu ngakhale mmodzi, proposal iyenera kuvomerezedwa ndi dipatimenti, kenako ndi komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu. Ku Chanco komitiyo ndi UNIMAREC, ndipo ya dziko lonse ili pansi pa National Commission for Science and Technology. Pamakhala kolipira, ndipo pepala likhoza kubwezedwa kuti mukonze. Ndiye werengerani chobwerera m'mbuyo. Ngati mukufuna kucheza ndi alimi, nthawi yabwino ndi pambuyo pokolola, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, misewu itauma ndipo anthu ali pakhomo. Mu Januwale ndi Febuluwale anthu ali kumunda kapena kuganyu, m'nyumba zambiri muli njala, ndipo kukhazika mayi pansi ola lathunthu kuti ayankhe mafunso anu n'kumulakwira. Koma ngati mukuyeza madzi a mumtsinje kapena kukokoloka kwa nthaka, mukufuna dzinja lomwelo, ndipo chilolezo chikachedwa mpaka Epulo, mwataya chaka chathunthu. Anzanu ena amene sanamalize aja anagwera pamenepa, osati pa nzeru.

Nyengo imanyenganso pa kompyuta. Mitengo ya miombo imayoyola masamba m'chilimwe, ndipo tchire limapsa. Mukayerekeza chithunzi cha Epulo chaka china ndi cha Sepitembala chaka china, kompyuta idzakuuzani kuti nkhalango yatha, pomwe mitengo ili chiimire. Yerekezani zithunzi za mwezi umodzimodzi. M'dzinja mitambo imaphimba zonse, choncho wofuna kuona pomwe madzi anafika amagwiritsa ntchito Sentinel-1, imene ndi ya radar ndipo mitambo siiyitchinga. Chinanso chimene chimaliza ophunzira chaka ndi chaka: mapu akale a dipatimenti ya Surveys anajambulidwa pa muyeso wa malo wotchedwa Arc 1950, pomwe GPS ndi foni yanu zimagwiritsa ntchito muyeso wina, wa WGS 84. Mukaziphatikiza osasintha, mfundo zanu zimasuntha mamita mazana awiri kapena atatu, mjigo n'kupezeka uli pakati pa mtsinje. Pa kafukufuku wofunsa ngati nyumba ili m'njira ya madzi kapena ayi, mamita amenewo ndi thesis yonse.

Kumudzi mulowere pakhomo. Kalata ya yunivesite ipite kwa DC, kuchoka apo kwa mfumu yaikulu, kenako kwa gulupu ndi nyakwawa, ndipo muonanenso ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, chifukwa iwowo ndi amene akudziwa kuti nyumba ya uje inali pati. Koma konzekerani ichi. M'dera limene mwadutsa mabungwe ambiri, munthu wonyamula foni ndi mafunso amaoneka ngati wolemba maina a thandizo. Mukafunsa kuti munataya mbuzi zingati, nambala imakwera. Mukafunsa ngati analandirapo kanthu, aliyense sanalandire. Si bodza la njiru, anthu akungodziteteza. Nenani poyera, pamaso pa amfumu ndiponso pakhomo lililonse, kuti ndinu mwana wa sukulu, simukulemba maina a chimanga kapena malata, ndipo amene sakufuna kuyankha ali ndi ufulu. Ena adzanyamuka n'kumapita, ndipo zili bwino choncho. Inu muli ndi vuto lina lapadera: ndinu aphunzitsi odziwika, ena mwa oyankhawo ndi makolo a ana anu, ndipo adzafuna kukuyankhani zokukondweretsani. Lembani zimenezi m'chaputala cha njira za kafukufuku, musazibise, ndipo ngati n'kotheka sankhani midzi imene ana ake saphunzira pa sukulu yanu. Mafunso muwaike pa KoboToolbox, pulogalamu yotolera mayankho pa foni, imene imagwira ntchito popanda netiweki, ndipo muwayese kaye pa anthu ochepa m'Chichewa chimene anthu a kumeneko amalankhula, osati chomasulira pa desiki.

Deta muyisunge malo atatu: pa laputopu, pa fulashi imene siikhala m'chikwama chimodzi ndi laputopuyo, ndi pa intaneti. Mabuku onse amene mukuwerenga muwalowetse mu Zotero, pulogalamu yosungira mndandanda wa mabuku, kuyambira tsiku loyamba.

Kulemba musakudikirire kuti mudzakhale ndi mwezi wopanda chochita, chifukwa mwezi umenewo kulibe. Chaputala cha njira za kafukufuku chilembeni muli kumudzi komweko, madzulo, mukadakumbukira chifukwa chimene munasiyira mudzi wina n'kutenga wina. Mapu ndi matebulo apangeni musanayambe kulemba zotsatira, kenako pansi pa lililonse lembani chimene likuonetsa, ndipo mudzaona chaputala chikudzimanga chokha. Chaputala chounika zimene ena analemba ndi chimene anthu amabisalamo chaka chathunthu, akuwerengabe, chifukwa kuwerenga sikuopsa ngati kulemba. Chipatseni malire. Tumizani kwa supavaiza zinthu zosapsa bwino, masamba khumi nthawi imodzi, m'malo mosowa miyezi isanu n'kutulukira ndi masamba zana. Mukakumana, madzulo ake mulembereni imelo yaifupi yonena zimene mwagwirizana ndi tsiku limene mutumize china. Zimaoneka ngati mwano kwa ife amene tinakula tikuopa aphunzitsi, koma masupavaiza ambiri amayamikira, ndipo ngati okuyang'anirani ali awiri, tsiku limene adzasemphane maganizo, imelo imeneyo ndi imene idzakupulumutseni. Akakhala chete mwezi wathunthu, kumbutsani. Ikadutsa miyezi iwiri, pitani kwa woyang'anira mapulogalamu a masters mwaulemu, ndi maimelo anu m'manja.

Kunja kuno kuli anthu olembera anzawo thesis pa mtengo. Mayunivesite ali ndi mapulogalamu ofufuza zokopera, koma ngakhale zitadutsa pamenepo, pa difensi, pomwe mumayankha mafunso a oyesa pamasom'pamaso, munthu amagwidwa ndi funso laling'ono, longa lakuti n'chifukwa chiyani munasankha mabanja 120 osati 200, kapena mfundo iyi pa mapu munaima pati poyitenga. Amene anayendadi m'midzimo amayankha akumwetulira.

Mukapereka thesis, imapita kwa oyesa, mmodzi wa iwo wochokera kunja kwa yunivesiteyo, ndipo kudikira kwake kumatha miyezi. Pafupifupi aliyense amauzidwa kuti akonze zina, ndipo apa pamagweranso anthu amene anali atafika kale pakhomo: amasangalala kuti difensi yatha, amabwerera kuntchito, nthawi yokonzera n'kudutsa. Sabata yomweyo pangani tebulo la magawo atatu, zimene woyesa wanena, zimene mwachita, ndi tsamba limene mwakonzapo, ndipo pomwe simukugwirizana naye fotokozani chifukwa chake mwaulemu m'malo mongodumpha. Muonetsetsenso ku ofesi ya zachuma kuti mulibe ngongole ya fizi, kuphatikizapo ya miyezi yowonjezera ngati munapitirira nthawi, chifukwa dzina la munthu wa ngongole silipita ku Senate, komiti yaikulu ya yunivesite yovomereza madigiri, ngakhale thesis yake itakhala yabwino chotani. Posindikiza makope omaliza, onjezeranipo limodzi la ku khonsolo ya Phalombe, ndi tsamba limodzi la m'Chichewa la mafumu a midzi itatu ija.